Za Nyimbo ya Mkango ndi Mwini Wake

Ife tonse tidziwa umo nyimbo yatsopano ifikira pa mpingo wa kumudzi. Wina apita ku msonkhano waukulu, namva kwaya ya kutali ilikuimba. Alemba mau ake pa kapepala, nasunga maimbidwe ake m'mutu, ndipo pasanathe mwezi ana onse a m'mudzi alikuiimba popita kudambo. Kale aphunzitsi ankakopera nyimbo m'makope ndi zilembo za solofa, usiku pa kuwala kwa nyali. Lero anyamata angothirirana m'mafoni, ndipo nchito imene inkadya masiku itha m'kamphindi. Koma pali funso limene sitifunsa kawirikawiri, ndilo lakuti: kodi nyimboyi anaipeka ndani, ndipo iyeyo walandiranji? Ambiri ayesa kuti nyimbo ili ngati mphepo, yopanda mwini. Tsono mwezi uno ndifuna kukufotokozerani mbiri ya munthu wa mtundu wa Azulu, dzina lake Solomon Linda, amene nyimbo yake inazungulira dziko lonse lapansi nilemeretsa anthu osamdziwa nkhope, iye mwini nafa wosauka.

Tisanafike kwa Linda tiyenera kumva pang'ono za lamulo, pakuti popanda ilo mlandu wake sumveka. Pamene mabuku ankalembedwa ndi dzanja lokha, wokopa sanali munthu woopsa, popeza dzanja litopa msanga. Koma atadza makina osindikizira, munthu mmodzi anakhoza kutenga buku la mnzake, kulichulukitsa mazanamazana, ndi kuligulitsa motchipa, wolemba uja osaonapo kanthu. Chifukwa chake m'chaka cha 1710, masiku a Mfumukazi Anne, nyumba ya malamulo ya ku London inaika lamulo lakuti wolemba buku latsopano akhale ndi mphamvu pa kusindikizidwa kwake zaka 14, ndipo ngati ali chikhalire ndi moyo pakutha kwa zakazo, aonjezeredwe zina 14. Za nyimbo lamulolo silinanene kanthu. Ogulitsa nyimbo anakondwera nako kukhala chete kumeneko kufikira 1777, pamene Johann Christian Bach, wopeka nyimbo wa ku Germany wokhala mu London, anapambana mlandu wake ndi amalonda otchedwa Longman ndi Lukey, amene adasindikiza nyimbo zake osampempha. Woweruza wamkulu, Lord Mansfield, anagamula kuti nyimbo yolembedwa ndi zizindikiro zake ili cholembedwa monga buku lina lililonse.

Pambuyo pake kunadza galamafoni, imene isunga liu lenileni la woimba, ndipo malamulo akale anaperewera. M'chaka cha 1911 anapanga lamulo lina lalikulu, lokhudza mbale za galamafoni zomwe, lonena kuti umwini wa nyimbo ukhale masiku onse a moyo wa wopekayo ndi zaka 50 atamwalira. Lamuloli linafalikira m'maiko olamulidwa ndi Mfumu ya ku Britain. Linafika ndi ku Nyasaland komwe, ndipo South Africa inalilandira m'chaka cha 1916. M'kati mwake munali kachigawo kakang'ono kamene kanagona tulo zaka zambiri. Mukasunge mumtima, pakuti tidzakabwerera.

Solomon Linda anabadwa m'chaka cha 1909 kufupi ndi Pomeroy, m'dera la Msinga ku Natal, dziko la miyala ndi minga kumene anyamata akulira kubusa. Anaphunzirako pa sukulu ya Gordon Memorial, mishoni ya mpingo wa ku Scotland, mpingo womwewo umene unayambitsa Livingstonia m'chaka cha 1875. Kumeneko anamva kaimbidwe kogawa mau panayi, monga tiimbira ife m'nyumba za mapemphero, ndipo kumudzi anamva nyimbo za ukwati ndi za magule a makolo ake. Kunalinso fungo la kaimbidwe ka anthu akuda a ku America, pakuti gulu la Orpheus McAdoo lidayenda m'dzikomo zaka za m'ma 1890, ndipo Azulu ambiri adatolako kanthu. Ichi ndachinena dala, kuti tione kuti Linda nayenso analandira kwa ena. Palibe wopeka nyimbo amene atunga pa chitsime chokumba yekha.

M'chaka cha 1931 anatsata njira imene agogo athu ambiri anaidziwa bwino, napita ku Johannesburg, kumene iwo ankati ku Joni. Anagwira nchito zapansi, m'sitolo ya mipando ndi m'hotela, koma usiku anali mfumu. Iye ndi anzake a kwao anapanga kwaya yotchedwa Evening Birds, ndiko kuti mbalame za madzulo. Usiku wa Loweruka amuna a m'makomboni, olekana ndi akazi ndi ana ao, ankasonkhana m'maholo kupikisana pa kuimba kufikira mbandakucha, ndipo opambana ankalandira mphotho, nthawi zina mbuzi yamoyo. A Evening Birds ankalowa atavala masuti ofanana ndi zipewa, ndipo kaimbidwe kao kanali kachilendo: Linda anachulukitsa oimba besi, kuti pansi pazigunda ngati ng'oma, iye mwini, munthu wamtali ndithu, nauluka pamwamba pao ndi liu laling'ono lokwera ngati la mkazi.

Masiku amenewo mzungu wina, Eric Gallo, anali ndi nyumba yojambulira mau mu Johannesburg, ndipo anali ndi munthu wakuda, Griffiths Motsieloa, womfunira oimba. M'chaka cha 1939 a Evening Birds analowa m'nyumbamo. Kajambulidwe ka nthawi ija kanali kotere: oimba aimirira patsogolo pa chotengera mau, ndipo singano ilemba mizere pa mbale ya phula imene ilikuzungulira, mukalakwa, mbaleyo yaonongeka, muyambenso. Mbali imodzi inkalandira mphindi ngati zitatu zokha. Anaimba nyimbo yotchedwa Mbube, ndilo liu la Chizulu lonena mkango. Mau ake ndi owerengeka, ndipo amati inachokera ku masiku a kubusa, pamene anyamata ankapirikitsa chilombo chofuna ng'ombe za atate ao. Kawiri sizinakome. Ulendo wachitatu, nyimbo ili pafupi kutha, Linda anatulutsa kamzere ka maimbidwe kamene kanamdzera pomwepo, kotsetsereka kuchokera pamwamba, kosapitirira kupuma kuwiri kapena kutatu. Kamzere kameneko ndiko kanadzabala chuma chonse chimene tidzanena.

Mbale zinaumbidwa ku England nizibwera pa chombo, ndipo zinagulidwa modabwitsa. Zisanathe zaka 10 zinali zitagulidwa ngati 100,000, m'dziko limene anthu akuda okhala ndi galamafoni anali ochepa. Nyimboyo inatchuka kotero kuti kaimbidwe konse ka makwaya otere kanayamba kutchedwa mbube. Linda analandira kamalipiro ka tsiku lojambulalo, osati gawo pa mbale iliyonse, pakuti umo ndimo ankachitira ndi oimba akuda. Pambuyo pake anapatsidwa nchito yolongedza mbale m'nyumba ya katundu ya Gallo. Taganizani, abale: munthu alikunyamula ndi manja ake liu lake lomwe, kuliika m'mabokosi, kuti phindu lipite kwina.

Tsono mkango unaoloka nyanja. Mbale zina za Gallo zinatumizidwa ku New York, ndipo Alan Lomax, munthu wosonkhanitsa nyimbo za mitundu, anazipeza nazitengera kwa bwenzi lake Pete Seeger, woimba wa gulu lotchedwa The Weavers. Seeger anaikonda nyimboyo, naimvera kawirikawiri, nailemba monga khutu lake linamuuza. Posadziwa Chizulu anapotoza liu limene oimba besi ankabwereza, natcha nyimboyo Wimoweh, liu losatanthauza kanthu m'chinenero chilichonse. Mbale yao inatuluka nigulidwa kwambiri m'chaka cha 1952. Ndipo pamalo polemba dzina la wopeka analembapo Paul Campbell. Munthu ameneyu sanabadwepo. Linali dzina longopeka, limene gululo ndi osindikiza nyimbo zao ankaika pa nyimbo zoyesedwa zamakolo, zopanda mwini, kuti ndalama za umwini zipeze thumba logweramo.

Chaka chomwecho cha 1952 Linda anasaina pepala lopereka umwini wa Mbube, wa m'maiko onse, kwa kampani ya Gallo. Mtengo wake unali masheleni 10. Alipo amene anena kuti apa mlandu unatha, pakuti munthu anagulitsa chake mwa kufuna kwake, ndipo wogula sanabe. Kunena mwa chilembo cha lamulo, akhoza. Koma ife a kumudzi tidziwa kuti si malonda onse ali oyera chifukwa chakuti awiriwo anagwirana chanza. Wogula mbuzi ya wamasiye pa mtengo wa nkhuku, podziwa chimene wamasiyeyo sadziwa, sitimtamanda. Ndipo wolongedza katundu sakhala ndi mau ambiri pamene bwana wake amuikira pepala patsogolo.

M'chaka cha 1961 nyimbo inavalanso chovala china. George David Weiss, pamodzi ndi Hugo Peretti ndi Luigi Creatore, anatenga kamzere kaja Linda adakatulutsa ulendo wachitatu, nakaveka mau a Chingerezi onena za mkango wogona m'nkhalango, natcha nyimboyo The Lion Sleeps Tonight. Anyamata a ku Brooklyn otchedwa The Tokens anaiimba, ndipo pofika mwezi wa Disembala inali yoyamba pa nyimbo zonse zogulidwa ku America. Inatembenuzidwa m'zinenero zambiri, niimbidwa ndi magulu osawerengeka. Pa mbale ya The Tokens panali maina a azungu aja. La Linda panalibe.

Iye nthawi imeneyo anali wodwala. Adagwa ali pakati pa kuimba m'chaka cha 1959, impso zake zitafooka, ndipo anamwalira m'chaka cha 1962, miyezi yowerengeka chabe nyimbo yake italamulira America. Kubanki anasiya ndalama zosakwana kugula mwala wa pamanda, ndipo manda ake anakhala opanda mwala zaka 18. Mkazi wake Regina ndi ana ake aakazi anatsala m'kanyumba ka ku Soweto. Tinenepo chabwino cha Seeger: atadziwa kuti nyimbo ili ndi mwini, anatumiza madola 1,000, nauza osindikiza ake kuti gawo lake lizipita kwa Linda, ndipo m'ukalamba wake ananena poyera kuti munthuyo sanachitiridwe chilungamo. Timadontho tina tinkafika ndithu kwa banjalo, koma tinali timadontho ta mtsinje wodzala.

Apa ndifuna tiime pang'ono, tifunse kuti cholakwa chinali pati. Kodi chinali pa kuimba nyimbo ya mwini? Iai. Amuna a m'makomboni anaimba Mbube usiku uliwonse, makwaya ena anaitola, naisintha, ndipo Linda sanasaukepo. Kumeneko ndiko kunamkuza. Tili nacho chitsanzo china cha mumzinda womwewo. M'chaka cha 1897 Enoch Sontonga, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ya Methodist ku Nancefield, anapeka Nkosi Sikelel' iAfrika, nailemba m'kope ndi solofa kuti ana ake a sukulu aziimba. Anamwalira m'chaka cha 1905. Nyimboyo inayenda pakamwa ndi pakamwa, kope ndi kope; kwaya ya sukulu ya Ohlange, ya Mbusa John Dube, inainyamula m'maulendo ake; wandakatulo Samuel Mqhayi anaionjezera ndime zisanu ndi ziwiri, ndipo a Lovedale anaisindikiza m'chaka cha 1927. Maimbidwe ake anakhala nyimbo ya fuko ku Tanzania ndi ku Zambia, ndipo ali chiyambi cha nyimbo ya fuko ya South Africa. Ikadatsekeredwa m'bokosi, ikadafera pamodzi ndi mwini wake. Koma onani kuti okopawo sanafafanize dzina la Sontonga ndi kulembapo la munthu wosabadwa, ndipo sanamange nyumba zosanja ndi thukuta lake.

Kotero ine ndiona zinthu ziwiri zimene zinamlanda Linda: kuchotsa dzina, ndi kugulitsa osagawa. Ndipo choyambacho ndicho chinatsegulira chachiwiri khomo, pakuti nyimbo ikangotchedwa yamakolo, aliyense aitola monga nkhuni za kuthengo. Mau akuti yamakolo ngokoma, koma abisa anthu ambiri. Nyimbo iliyonse ya pamtondo inayamba ndi mai wina amene anali ndi dzina ndi chisoni chakechake, ife tangoiwala. Azungu a ku New York anaganiza kuti m'Afrika nyimbo zimera zokha ngati bowa, ndipo kuganiza kumeneko kunawapindulira, chifukwa chake sanafulumire kufunsa.

Tisaloze chala kutali kokha. M'makope a makwaya athu muli nyimbo zambiri zopanda dzina la wopeka, chinkana wopekayo ali moyo, mwina ali mphunzitsi wopuma wa mpingo woyandikana nawo. Kwaya ina iimva, niijambulitsa, nigulitsa, niimbitsa pa wailesi monga yakeyake. Tikafunsa ati, nyimbo za Mulungu zilibe mwini. Chabwino, koma nanga bwanji ndalama za nyimbo za Mulunguzo zili ndi mwini? Wopeka akafuna kupereka nyimbo yake kwaulere kwa mipingo yonse, achita bwino, ndipo ambiri atero mokondwa. Koma mphatso apereka ndi mwini, si wolandira amene adzipatsa yekha. Ku Malawi kuli lamulo la zimenezi, lokonzedwanso m'chaka cha 2016, ndi bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1992, lotolera malipiro a opeka ndi oimba. Komatu kulemba dzina la mnzathu pamwamba pa tsamba sikulira bungwe. Kulira cholembera chokha.

Tibwerere kwa mkango wathu. Amalonda a ku America sanaiwale banja la Linda pamene anafuna siginecha. M'chaka cha 1983 kampani ya Folkways, yosunga Wimoweh, inalandira kwa mkazi wamasiye pepala lopereka ufulu wake pa dola imodzi. Iye atamwalira m'chaka cha 1990, ndipo makampani a ku America atayamba kukangana okhaokha za mwini wa nyimboyo, ana ake anasainitsidwa pepala lina m'chaka cha 1992, pa dola inanso imodzi. Mkanganowo unathera pakuti The Lion Sleeps Tonight inagwera kampani ya Abilene Music, ya mbali ya Weiss. Ndipo m'chaka cha 1994 kampani ya Disney inatulutsa kanema wa ana wotchedwa The Lion King, m'mene nyimboyo inamvekanso, ndi pambuyo pake m'sewero lake la pabwalo. Mtsinje unasefukira koposa kale.

Akulu anati mlandu suola. M'chaka cha 2000 mlembi wa ku South Africa, Rian Malan, analondola mapazi a nyimboyi kuchokera ku Msinga kufikira ku New York, nasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Rolling Stone. Mwa kuwerengera kwake, nyimboyo inali itabala madola ngati 15 miliyoni a umwini. Anthu anachita manyazi, koma manyazi salipitsa munthu, panafunika lamulo. Ndipo mapepala atatu aja, la 1952, la 1983 ndi la 1992, anaoneka ngati mpanda wopanda chipata.

Chipatacho anachipeza loya wina wodziwa za umwini wa zolemba, Dr Owen Dean, ndipo chinali kachigawo kaja ka lamulo la 1911. Kanati: wopeka akagulitsa umwini wa nchito yake ali moyo, malondawo akhala kufikira zaka 25 iye atamwalira, zikatha zimenezo, umwini ubwerera ku chuma chake chamasiye, kuti ana adyeko zaka zotsalazo. Maloya akatcha chigawo cha Dickens, potengera dzina la mlembi wa mabuku wa ku England. Ife sitidabwa nako, pakuti tidziwa kuti munda wobwereketsa, ungakhalitse chotani m'manja mwa mlendo, tsiku lina ubwerera ku mbumba. Opanga lamulo a ku London ankaganizira ana a alembi a kwao, amene atate ao adagulitsa mabuku motchipa pa nthawi ya usiwa. Sanalote kuti alikukonzera ana a Mzulu wolongedza mbale. Koma Linda adasaina m'chaka cha 1952, lamulolo lili chigwirire nchito m'South Africa. Anamwalira m'chaka cha 1962. Kotero kuyambira 1987 umwini wa Mbube unali utabwerera mwakachetechete, popanda wodziwa. Ndipo sunabwerere kwa mkazi kapena kwa ana mwachindunji, koma kwa woyang'anira chuma chamasiye. Chifukwa chake maloya a banjalo anati pepala la 1992 silinapereke kanthu, pakuti anawo anagulitsa chimene chinali chisanafike m'manja mwao.

Anatsegulanso chuma cha malemuyo, naika woyang'anira, ndipo m'chaka cha 2004 anasuma ku bwalo lalikulu la ku Pretoria, kufuna marandi 10 miliyoni. Panali chovuta chimodzi: bwalo la m'South Africa liweruza bwanji kampani yokhala ku America? Maloya anapempha bwalo ligwire chikole pa katundu wa Disney wopezeka m'dzikomo, ndiye zizindikiro zake zamalonda zoposa 200, pamodzi ndi kambewa kotchuka kaja Mickey Mouse. Monga mfumu ya kumudzi igwira mbuzi ya wozengedwa kuti mwini wake abwere kubwalo, momwemo anagwira mbewa. A Disney anapempha kuti chikolecho chimasulidwe, ponena kuti iwo adalipira chilolezo kwa Abilene Music ndipo sanalakwe. Bwalo linakana kumasula. Chimene chinaopsa amalondawo koposa ndi ichi, kuti chigawo chomwecho chinali m'malamulo a maiko ena amene adalandira lamulo la 1911, ndipo mlandu ukadapambana ku Pretoria ukadabala ana kwina.

M'mwezi wa Febuluwale 2006, patatsala masiku owerengeka kuti mlandu ulowe m'bwalo, anagwirizana kunja. A Abilene Music anavomera kulipira za m'mbuyo, ndi kupatsa banjalo gawo pa zam'tsogolo m'maiko onse. Anavomeranso kuti The Lion Sleeps Tonight inachokera ku Mbube, ndi kuti Solomon Linda alembedwe monga mmodzi wa oipeka. Ndalamazo anapangana kuti zisatchulidwe poyera, ndipo zinaikidwa m'manja mwa osunga kuti azigawira ana. Zinali zitapita zaka 67 chijambulire nyimboyo, ndi zaka 44 chimwalirire mwini wake. Popeza sunaweruzidwe, mlanduwo sunasiye chigamulo choti ena atsamirepo.

Pangano la malipiro linali ndi malire, ndipo linatha kumapeto kwa 2017. M'chaka cha 2019 a Disney anatulutsanso The Lion King wokonzedwa mwatsopano, ndipo The Lion Sleeps Tonight inaimbidwamo monga kale. Pa mndandanda wa nyimbo za kanemayo anaikaponso ina, yoimbidwa m'Chizulu ndi Lebo M, woimba wobadwira ku Soweto. Mutu wake unali Mbube, ndi wopeka wake Solomon Linda.